Munda wa Amayi pa Bwalo la Tenesi

Ndikatseka maso ndimachionabe chinyumba cha njerwa zofiira chija kumtunda kwa Chilomoni, malata ake adzimbiri akusuzumira pamwamba pa chimanga. Anachimanga ndi mzungu wolima fodya, n'kudzachigulitsa kwa mmwenye wa sitolo ku Limbe. Kenako chinagwa m'manja mwa bwana wina wandale, yemwe zinthu zitamutembenukira anathawira kunja osatseka ndi mawindo omwe. Kuyambira pamenepo eni ake anali mileme ndi amayi anga.

Amayi sankapirira kuona dothi likungokhala. Iwo ndi anzawo akutchalitchi anagawana bwalo lonse, ndipo ife tinapata pamene azungu ankasewerera tenesi. Tinadzala chimanga ndi maungu, omwe anayanga mpaka pakhonde. Ntchito yanga inali kupalira ndi kukuwiza anyani otsika ku Michiru, mapazi akununkha dothi lonyowa.

Chaka china, chimanga chitangoyamba kukhwima, kunatulukira bambo wa suti yoyera wochokera ku Joni, ati mwana wa bwana wothawa uja. Ankafuna nyumba ya bambo ake, ndipo anati mawa lake abweretsa anyamata a zikwanje. Ndinalira poyera, chifukwa kwathu ufa unali utatha ndipo tinkangodalira mondokwa wa m'mundamo.

Amayi sanalimbane naye. Anagwada mwaulemu n'kunena kuti, "Nyumba ndi yanu, bwana, lowani. Koma chonde musaponde mizere." Nanga njira inalipo? Tinali titalima mpaka pamasitepe. Bamboyo anayenda monyang'ama ngati akuwoloka paulalo wa mtengo umodzi, azimayi akumulangiza uku ndi uku, mpaka anakodwa m'maungu n'kukhala pansi m'matope, suti yonse psuu. Amayi anam'bwereka chitenje, anamuchapira sutiyo, n'kumuwotchera chimanga podikira kuti iume. Munthu atavala chitenje chamaluwa, mondokwa uli kukamwa, nkhani ya zikwanje imavuta kuiyambanso. Anatilola kukolola.

Lero chinyumbacho anachipaka penti, pali mpanda ndi mlonda, ndipo anthu amachitirapo maukwati. Mwini wake sindikumudziwa, ndipo ndimamvabe kuwawa ndikamaimitsidwa pageti pamalo pomwe ndinakulira ndi khasu. Tsiku limene mwana wanga ankakwatiwira pomwepo, ndinapita ndi amayi, tsopano akuyendera ndodo. Amayiwo mkwatibwi sanamuyang'ane n'komwe. Anazika ndodo yawo m'kapinga wometedwa bwino uja, n'kuizula, n'kuyang'ana dothi kunsonga kwake.

"Mvula yonseyi," anatero akupukusa mutu, "anthu akulima udzu m'munda mwanga?"