Anandikonda Ndili pa Oxygen

Anzanga, lero ndikuuzeni za Macfussy. Ndasunga nkhaniyi nthawi yaitali, yandikwana.

Ndinakumana naye mu metro, sitima ya mu mzinda kuno kunja kwa Malawi, kumapeto kwa 2019, ndikupita ku shift. Nthawi imeneyo ndinali waitress pa hotela ina ku West Bay. Pambali panga panakhala mnyamata wa yunifolomu ya security, akugwedeza mutu ngati gulo. Mwadzidzidzi chingwe cha ma earphone chinazuka pa foni yake. Anthu inu, chiphokoso chake! Gitala ngati akucheka malata, munthu akukuwa osapuma.

Ine ndinangolankhula ndekha m'Chichewa, poganiza kuti palibe angamve: "Koma abale, zinazi ndi nyimbo kapena ndi maliro?"

Anatembenuka n'kuseka. "Zonse ziwiri, asisi. Woimbayo anamwalira."

Manyazi anandigwira, koma nambala ndinamupatsa.

Anali wa ku Balaka, mlonda pa nyumba ina ya maofesi. Ankakonda hard rock, koma osati iliyonse ayi. Ankamvera oimba okhawo amene anamwalira akadali achinyamata. Ankati amene anakalamba anayamba kuimba zofewa, pano akutsatsa malonda pa TV mimba ili apo, pomwe amene anapita msanga sanapeze mpata wokhumudwitsa munthu. Likafika tsiku lokumbukira imfa ya mmodzi wa iwo, ankaika chithunzi chake cha black and white pa status, n'kukhala wachisoni ngati wafedwa mbale wake.

Ndinkamuseka kuti foni yake ndi manda. Koma tikakhala pa off, tinkapita ku Corniche m'mphepete mwa nyanja, tiyi wa karak m'manja, earphone imodzi iye, imodzi ine. Ankandiuza kuti ndisamvere kukuwako, ndimvere gitala imene ikulira pansi pake. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuimva. Ine mwana wa kwaya ya ku Zomba, ndinapezeka ndikugwedeza mutu ndikupukuta matebulo.

Masiku amenewo ndimawasowa, sindinama.

Kenako COVID inabwera. Metro inatsekedwa, hotela inatsekedwa, tonse tinangokhala ku accommodation, kumene kampani imatigoneka. Pasanapite nthawi ndinayamba kutsokomola, ndipo ndinapezeka ndili m'chipatala, pa oxygen, mpweya ukuchita kubanika.

Anzanga, sindinakondedwepo ngati nthawi imeneyo.

M'mawa uliwonse ndinkapeza voice note yake, nthawi zina akuimba ndi mawu ake oipa aja kuti ndiseke. Ankaimbira foni amayi kumudzi kuwalimbitsa mtima. Mu group ya aMalawi analemba kuti mkazi ngati ine Atuweni dziko silidzamuonanso, anthu mpaka kulira. Tsiku limene ndinafooka kwambiri anandiuza kuti, "Atu, ukangochira ndikutuma amalume kwanu. Khalas, nkhani yatha, wamva?"

Mawu amenewo ndinawagwiritsitsa. Ndikamalephera kupuma ndinkadziuza kuti iwe mtsikana, ukwati ukukudikira, usachite zopusa.

Nditatuluka, Rehema, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, anandionetsa status imene Macfussy anaika ndili m'chipatala. Chinali chithunzi changa, black and white, pansi pake nyimbo ya mmodzi wa akufa ake aja. Rehema anati zimenezi zamuwawa, munthu wamoyo samuchita choncho. Ine ndinangoseka, ndinati ndi mmene mwamuna wanga amakondera.

Koma ndinachira ndili munthu wamba, anzanga. Tsitsi linkathothoka, ndinkatopa msanga, ndinkapsa mtima ndi zazing'ono. Ndipo ndinayamba kufunsa kuti amalume aja anyamuka liti. Ma voice note anayamba kufupika. Kuimba kunatha.

Chaka chomwecho malamulo a ntchito anasintha, munthu unkatha kusintha kampani popanda kupempha chilolezo kwa bwana wako. Hotela yathu itatsegulidwa inkafuna ma security. Ndinalankhula ndi supervisor, anavomera kuti Macfussy abwere. Ndinkadziona kale tikukwera basi imodzi ya staff, tikudya lunch limodzi, tikukonzekera chinkhoswe.

Iye ankangoti inshallah, Mulungu akalola. Amene muli kuno mukuidziwa inshallah ya munthu amene sakufuna.

Ndinadzamva kwa Rehema kuti wasintha ntchito ndithu, koma wasankha ya ku Al Khor, kumpoto kutali uko. Ufulu umene ndinkati utiyandikitsa, iye anathawira nawo.

Ndinamukakamiza kuti tikumane. Anabwera masana, mask kumaso, osandiyang'ana. Ndinamufunsa chimene ndalakwa.

"Sunalakwe kanthu, Atu," anatero. "Ukudwala muja ndinkalephera ndi kudya komwe. Ndinali nditakonzeka kukulira moyo wanga wonse."

"Ndiye ndachiratu."

"Eya... wachira."

Ananena motsitsa, ngati munthu amene basi yamusiya. Sanali kunama, anzanga, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Akanakhala kuti wapeza mkazi wina, bwenzi nditakuwa, nditatukwana, n'kuiwala. Koma ndikanalimbana ndi ndani? Amene ankamukonda anali ine ndemwe, koma wa pa bedi uja, wosalankhula, wosafunsa za amalume.

Ndinabwerera ku accommodation ndikulira, mask yonse itanyowa.

Mwamuna akamakulirirani muli pa bedi la chipatala musafulumire kumukhulupirira, dikirani muone nkhope yake tsiku limene mwadzuka. Ine ndili moyo, anzanga. Ndidzanenepa, ndidzakalamba, ndidzalongolola za ndiwo ndi za ana. Ndinkangofuna munthu woti adzazione zimenezo ali pambali panga, ndipo Macfussy sanafune.