Agwetsa mwala wa pamanda panu, Amayi Miriamu

Amayi Miriamu, lero zakwana zaka ziwiri chitisiyireni. Ndinapita kukaika kamwala pamanda panu monga mwa mwambo wanu wa Chiyuda, koma ndapeza mwala wa dzina lanu uli pansi, wolembedwa zotukwana ndi penti. Ndakumbuka masana aja chipale chozizira cha sinowo chitatitsekera m'nyumba kwathu ku Germantown, ine n'kudutsa mpanda kudzamwa tiyi kwanu. Mutaona korona yanga yopempherera munati, "Tereza, apapa anu akalekale ankalemba makalata oletsa kubatiza Ayuda mokakamiza, oletsanso kufukula manda athu. Koma mpingo womwewo unalamula kuti tizivala zotisiyanitsa ndi Akhristu." Ndinasowa poyang'ana. Inu munangoseka, n'kundiwonjezera shuga.

Woyang'anira manda wandiuza kuti apolisi anamugwira kale wochita izi. Ndi bambo wa kuparishi kwathu, ndipo ali pa belo. Anzanga a m'kwaya akuti, "Khululuka, ndi m'bale wathu." Ayi, Amayi Miriamu, sindikhululuka. Kukhoti ndikakhala kutsogolo mpaka ndione akumulowetsa m'ndende. Lamlungu akayerekeza kunditambasulira dzanja la mtendere pa Misa, ndidzaimirira n'kunena zimene anachita, mpingo wonse umve.