Chidule cha a Mleme

Anthu ankawatchula a Mleme, poti zaka makumi awiri anathera pansi pa nthaka, kunyamulira akatswiri ofufuza za mapanga zingwe ndi matochi. Sukulu anailekeza panjira, koma maso anali nawo. Anaona kuti phanga lina limatulutsa mphepo mvula ikayandikira, ndiye m'mawa uliwonse ankapachika kansalu pakhomo pake n'kulemba m'kope komwe kaloza. Makope anakwana asanu ndi anayi, onse onunkha mileme.

Bungwe la akatswiriwo litaitanitsa msonkhano, linati wofuna kukayankhula atumize chidule cha kafukufuku wake, mawu osapitirira mazana awiri, ndipo zosankhidwa zidzasindikizidwa m'buku. A Mleme mtima unawadyokoka. Analemba masamba asanu ndi limodzi, loyamba lonse moni yekhayekha, lachiwiri nkhani ya njoka imene anakumana nayo m'phangamo.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ntchito yake ndi yotayipa, anaseka mpaka misozi.

"Bambo, moniyu achoke. Za njoka ija zichokenso."

"Iwe, ndilowe m'nyumba ya eni popanda odi?"

"Eya. Kumeneko amafuna zomwe mwapeza, basi."

Mwanayo anadula, iwo akubuula ngati akuzulidwa dzino.

Tsiku losankha, mlembi anamata mayina onse n'kuikapo manambala kuti pasakhale kukondera. A Mleme anali m'khonde, akukulunga chingwe chokulunga kale, khutu lili kuchitseko. Mantha anali atawagwira zedi.

"Nambala 14 iyi!" anamva mawu a Dokotala, mkulu wa komiti yosankhayo. "Zaka zisanu ndi zinayi osadumpha tsiku. Ameneyu ndi pulofesa wakunja, sindikukayika."

Atamatula kapepala kophimba dzina, anapeza kuti ndi a Mleme. Kenaka kunabuka phwete. Dokotala anatuluka magalasi ali m'manja.

"Inu, tayenda limodzi zaka zonsezi osandiuza?"

"Simunafunse, bwana. Mumangofunsa tochi."

Mlembi anabwera ndi fomu ya osindikiza, nati pansi pa dzina lililonse pamayenera kulembedwa yunivesite ya mwini wake. A Mleme anazyolika ndi manyazi, poganiza kuti apa ndiye zathera pomwepa. Dokotala analanda cholembera, natsamiritsa fomuyo kukhoma, n'kulemba ndi dzanja lake: "Phanga lachitatu kuchokera kumsewu."

M'bukumo zinatuluka choncho, pakati pa mapulofesa awiri.