Anajambula chipinda chathu

Anzanga, munthu amene ndikuuzeni leroyu ndinakumana naye kuntchito kwanga, pa shopu yochapa ndi kusita zovala. Analowa m'mawa wa Lachiwiri ndi suti m'jumbo, yokwinyika ngati yatafunidwa ndi ng'ombe.

"Asisi, mungandisitire lero lomwe? Ndangofika dzulo kuchokera kunja."

"Kunjako simbi kulibe?" ndinamufunsa.

Anaseka mpaka kutsamira kauntala. Anzanga akuntchito anamutcha Wasuti, dzinalo n'kukanirira.

Anabwera pa holide ya miyezi iwiri. Ndikamaweruka ndinkamupeza panja akundidikira, ndipo sabata yachiwiri isanathe tinali titayamba chibwenzi. Nkhani zake zinali zakunja basi.

"Babe, kumene ndimakhala ine madzi otentha amatuluka pampopi. Ngakhale galu ali ndi chipinda chake."

Ndinkaseka, koma mumtima manyazi okhaokha. Ife kwathu tinali anthu anayi m'chipinda chimodzi cha lendi: amayi, ine ndi ang'ono anga awiri. Pakati tinapachika katani. Mvula ikabwera tinkatchera mabeseni atatu, ndipo chimbudzi chinali chimodzi pa mabanja asanu ndi anayi.

Akamandiperekeza ndinkamubweza pakona pomwe pamathera nyumba zamipanda.

Tsiku lina anaima osasuntha.

"Ukundibisira chiyani? Uli ndi mwamuna?"

"Ndilibe."

"Ndiye nditengere kwanu. Ine ndakonda iweyo, osati nyumba."

Lamulungu masana ndinapita naye. Amayi anabwereka mpando kwa aneba, koma iye anaukana n'kukhala pansi. Anawapatsa moni ndi manja awiri. Mtima wanga unakhazikika... ndinati uyu ndiye munthu.

Kenako anatulutsa foni.

"Amayi, ndikujambuleni pang'ono, ndizikukumbukirani ndikabwerera."

Amayi anavomera akuseka. Anawafunsa kuti timagona bwanji anthu anayi, iwo n'kumuonetsa. Anajambula denga, mng'alu wa pakhoma, ngakhale mzere wa kuchimbudzi. Ndinadabwa, koma sindinafunse.

Atabwerera kunja ankaimba tsiku lililonse. Video call inali ya mumsewu nthawi zonse. Ankati m'nyumba network imavuta.

Patatha milungu itatu, Loweruka masana tikuyanika zovala, alandilodi anatulukira foni ili m'manja. Sanapereke moni.

"Mayi, nkhope iyi ndi yanu?"

Tinasuzumira tonse. Inali vidiyo ya pa intaneti, amayi akuyala mabulangete pansi. Mbali inayi ya sikirini kunali nyumba zokongola zakunja. Mawu anali a Wasuti, m'Chingerezi, akufotokoza kusiyana kwa moyo wa anthu m'mayiko, ife tikuimira dziko losauka. Geti la alandilodi linkaoneka bwinobwino, ndi nambala ya puloti yomwe.

"Anthu zikwizikwi akunditukwana kuti ndimasunga anthu ngati nkhumba. Dzulo kwabwera azaumoyo kudzaona chimbudzi. Ndinakulakwirani chiyani, mayi?"

Amayi anagwada pafumbi pomwepo.

"Bambo, pepani. Ife sitinadziwe. Zaka zisanu ndi ziwiri takhala pano popanda mlandu."

"Lachisanu ndipeze chipinda changa chopanda kanthu."

Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kumuimbira Wasuti. Anayankha kachitatu.

"Vidiyo ija ndaiona. Atithamangitsa."



"Babe, ndimvetsere kaye. Ine kuno ndilibe nyumba."

"Ukuti chiyani?"

"Ntchito inatha chaka chatha. Ndakhala ndikugona m'galimoto yakufa ya mnzanga, kuseri kwa galaja. Kusamba ndimasamba m'chimbudzi cha pasiteshoni. Tikiti yobwerera kwathu anandigulira achemwali, akuganiza kuti ndimangotanganidwa. Kuno ukasowa pogona palibe neba amene angakutsegulire chitseko. Kukazizira anthu amafera pabenchi, ena akudutsa ndi khofi m'manja. Inu kumeneko muli bwino, muli ndi denga."

"Tinali nalo. Ndiye vidiyoyo ikugwirizana bwanji ndi zimenezi?"

"Bungwe lina linkafuna munthu wojambula za umphawi. Ntchitoyo imabwera ndi chipinda. Anati ndiwaonetse zimene ndingathe... Andilemba, babe. Ndalowa sabata yatha."



"Ngati ankafuna umphawi, bwanji sunajambule galimoto yakoyo?"

"Aaa... anthu akwathu akanaona."

Anzanga, mawu amenewo mpaka lero amandilira m'makutu. Manyazi ake anawasunga bwinobwino. Athuwa ndi amene anaona kuti angayanikidwe padzuwa.

"Ichotse," ndinamuuza.

"Sindingathe, ndi ya bungwe tsopano. Koma ndikakhazikika ndidzakutenga, ndikulonjeza."

Ndinadula foni, n'kumubloka paliponse.

Lachisanu tinasamuka. Katundu yense anakwana pawilibala maulendo anayi, aneba akutiyang'ana pamawindo. Azakhali anatilola kugona m'khitchini mwawo. Timadikira onse amalize kudya kuti tiyale, ndipo m'mawa timadzuka ana awo asanafune tiyi. Mng'ono wanga wamkulu wasiya kupita kusukulu chifukwa anzake akumuitana ndi dzina la vidiyo ija.

Akanandiuza zoona tsiku loyamba, umphawi wake sukanandithawitsa. Ndinabadwira momwemo. Koma ndinamutsegulira chitseko chimene ndinkabisira aliyense, iye n'kulowetsa dziko lonse.

Ndinawafotokozera amayi zonse, ndikuyembekezera kuti amutukwana. Dzulo tikupinda mabulangete anandifunsa motsitsa mawu kuti azakhali asamve.

"Mwana uja, kunjako, panopa ali ndi pogona?"

"Ali napo, amayi."

"Chabwino," anatero, n'kukankhira mabulangete athu kunsi kwa tebulo la eni ake.

Ndinatuluka panja kuti asandione ndikulira.