Zimene Kanagavalli ankalemba kuseri kwa peresenti

Kanagavalli anakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'kachipinda kopanda zenera, kuseri kwa dipatimenti ya masamu pa koleji yathu ku Chennai, akutayipa mapepala a anthu ophunzira. Ntchito yake sinali yokhazikika. Chaka ndi chaka ankasaina kapepala katsopano, Pulofesa Sethuraman, mkulu wa dipatimentiyo, akumulonjeza kuti chaka chamawa zitheka. Mpando wokhazikika unali umodzi, otayipa tinali awiri. Winayo ndinali ine.

Ntchito ankaidziwa, ndisaname. Ine ndinafika ndili bambo wa zaka makumi anayi, kuchokera kosindikiza makhadi a ukwati, ndipo ndi iyeyo anandiphunzitsa LaTeX, njira ija imene umatayipa malamulo m'fayilo, kompyuta n'kukutulutsira tsamba loyera. Ankandilangiza ngati mwana. Nambala za masamu osazilemba pamanja, ankatero, uzizipatsa mayina kompyuta iwerenge yokha, apo ayi bwana akawonjezera mzere umodzi pakati udzalira. Mutu uliwonse wa buku ukhale m'fayilo yakeyake. Ankanena izi akudya mpunga wake wa mandimu, osandiyang'ana n'komwe, ndipo ndinkamuda.

Lamulo lake lalikulu linali la chizindikiro cha peresenti. Chilichonse cholembedwa kumanja kwa chizindikirocho sichituluka papepala, chimangotsala m'fayilo, ndiye otayipa timalembamo zodzikumbutsa. Ankandiuza kawirikawiri kuti fayilo isanatuluke pakhomo, ndizisesa zonse za kuseri kwa peresenti.

Komatu iyeyo kuseri kumeneko ndi kumene ankapumirako. Pamaso pa mabwana anali mayi wozyolika, wosatsegula pakamwa, koma m'fayilo anali ndi lilime. Masamu anawaphunzira pongowatayipa zaka zonsezo. Akapeza kuti pulofesa walakwitsa ankakonza mwakachetechete n'kulemba kuti, "Apa bwana aiwala kuti nambalayi ikhoza kukhala ziro. Ndakonza." Penanso, "Umboni uwu sukuyenda. Ndalemba wina, sazindikira." Ndipo sankazindikiradi. Ankawerenga tsamba loyeralo akugwedeza mutu, kudziyamikira.

Mwezi umene komiti inkayenera kusankha wopatsidwa mpando uja, amayi ake a Kanagavalli anaterereka kubafa kwawo ku Kumbakonam n'kuthyoka chiuno. Kanagavalli anakwera basi masana omwewo, atandisiyira pepala la pulofesa loti nditumize kumalo a pa intaneti kumene akatswiri a masamu amaika ntchito zawo, komwe aliyense angathe kutsegula fayilo yeniyeniyo. Atafika pakhomo anacheuka.

"Ilango, usaiwale kusesa."

"Sindingaiwale, achemwali."

Ndinatsegula fayilo ija n'kuwerenga ndemanga zake zonse makumi anayi ndi zitatu, mpaka khofi wanga anazizira. Kuzichotsa inali ntchito ya mphindi ziwiri. Ndinatumiza zili momwemo.

Sipanathe sabata. Wophunzira wina ku Kolkata anazitulukira, ndipo zinayenda m'mafoni dziko lonse. Pamsonkhano wina ku Pune munthu anaimirira n'kufunsa pulofesa, pagulu, ngati mafunso apite kwa iye kapena kwa womutayipira.

Kanagavalli atabwerako, pulofesa anamuitana n'kusiya chitseko chotsegula dala kuti tonse timve. Sanamufunse ngati zokonzazo zinali zoona. Anamufunsa kuti mwana wa munthu wochapa zovala anayamba liti kukonza masamu a pulofesa, kenako anamuuza kuti kapepala kake sikadzasainidwanso.

"Bwana, koma zinali zolakwika," anatero motsitsa mawu.

"Tenga zako uzipita."

Kanagavalli analowa m'kachipinda kathu kudzatenga kachitini kake ka chakudya ndi kafano kamene kankakhala pamwamba pa kompyuta. Ndinayembekezera kutukwanidwa, ndipo mwina zikanandipepukira. M'malomwake anaima pambali panga, maso ali psuu.

"Unaiwala, eti?"

"Ndinaiwala, achemwali."

Anandiuza kuti ndisadziimbe mlandu, wolakwa ndi iye amene anandisiyira ntchito mothamanga. Anandisiyiranso kope lake la malamulo, lolembedwa pamanja, kuti lizindithandiza.

Mpando uja ndakhalapo zaka zisanu tsopano. Kope lija ndimaligwiritsa ntchito tsiku lililonse. Ndikaona bwana aiwalanso ziro, ndimatayipa momwe alembera, ndipo kuseri kwa peresenti sindilembako kanthu.