Chala cha a Wiel

Kwathu ku Limburg, mitengo ya zipatso ikayoyola maluwa, tirigu atafika m'mawondo, timakweza mbalame yosema pansonga ya mlongoti kuseri kwa tchalitchi. Amuna amaiwombera mosinthana, aliyense chipolopolo chimodzi. Wogwetsa chibenthu chomaliza amakhala mfumu ya owombera chaka chonse, ndipo mkazi wake amayenda pambali pake pa perete.

A Wiel Hanraets, mlimi wa maapulo, anaiwombera mbalameyo zaka makumi anayi osaigwetsa. Maso anali nawo. Vuto linali chala. Mfuti yathu ndi yolemera, imafuna uitsamiritse pamtanda, upume, ikhazikike. Iwo ikangokhudza phewa, phuu!

Kachitsulo kowombera timakatchula ndi mawu otanthauza chokoka, ndipo aphunzitsi athu ankati Angerezi anabwereka dzinalo kwa ife.

"Angereziwo anangotenga dzina," ankatero Harie, mlamu wa a Wiel. "Phuma lonse anasiyira inu, alamu."

"Iwe wodekhawe, ufumu wako uli kuti?" a Wiel ankayankha akuseka.

Sankadandaula. Nyengo yachisanu ankadulira mitengo yawo, nthawi yokolola nkhokwe inkanunkhira maapulo. Koma m'kabati munali diresi yobiriwira imene akazi awo, a Fien, anasoka chaka cha ukwati wawo kuti adzavale pa perete. Anali ataikulitsa m'chiuno kanayi.

Chaka chathachi dokotala anati maso a Wiel ayamba nkhungu. Kuwombera kwa chaka chimenecho kunali komaliza kwa iwo.

Tsiku lowomberalo, dzuwa litapendeka, mbalame inali itatsala kachibenthu kolendewera. Harie anaphonya. A Wiel anafika pamtanda.

"Bambo, khofi sakuzizira kunyumba, musathamange!" anafuula a Fien.

Mfuti inakhudza phewa, ndipo tonse tinatseka makutu. Zii. A Wiel anali akukoka ndithu, koma chala chimene chinadulira mitengo m'chisanu zaka zonsezo chinali chitauma ndi nyamakazi. Chinkapinda pang'onopang'ono ngati nthambi yaiwisi. Pamene chinkamaliza kukoka, mfuti inali itakhazikika.

Kachibenthu kanagwera mu udzu.

"Mwaphunzira kudekha liti, alamu?" anafunsa Harie.

"Sindinaphunzire ayi. Chakalamba ndi chala."

Lamulungu lotsatira, tsiku la perete, diresi inakana kutsekeka kumsana. A Fien anafunda kansalu koluka pamapewa, nayenda pambali pa amuna awo kuchokera kutchalitchi mpaka kumlatho, tirigu akuweyuka mbali zonse ziwiri.