Kaputeni Yotamu Sanagwe m'Ndege ya Ufiti

Lachiwiri madzulo ndinali pamsika kugula mtedza pamene Mai Phiri, amene ndimawagula zinthu nthawi zonse, anandikodola ndi dzanja.

"Aphunzitsi, bwerani muone zachitika ku Chiparamba. Mfiti yagwa m'ndege!"

Anandipatsa foni yawo. M'vidiyomo munali nkhalamba itakhala pansi m'munda, pakati pa mapesi. Malaya ong'ambika, nsapato phazi limodzi. Anthu anali ataizungulira, ena ndi ndodo, ena ndi miyala. Mwamuna wina ankaikankha ndi phazi n'kumafunsa kuti, "Wachokera kuti iwe? Ukufuna chiyani kuno?"

Nkhalambayo inayankha mwaulemu. "Ndikufuna bwalo la ndege. Ndege yanga ili kuti? Mvula ikubwera, tiyenera kunyamuka."

Gulu lonse linakuwa: "Wavomera! Wavomera yekha!"

Ndinaseka. Ndikulemba izi ndi manyazi, koma ndinaseka, ine mzimayi wamkulu amene ndinaphunzitsa ana a anthu mpaka kupuma pantchito. Ndinaseka limodzi ndi Mai Phiri ndi amai ogulitsa tomato pambali pawo.

Kenaka wojambulayo anayandikiza foni kunkhope ya nkhalambayo, ndipo ndinaona chipsera chochokera pamphumi kutsikira kukhutu la kumanzere. Chipseracho ndimachidziwa. Aliyense wa msinkhu wanga muno mu Chipata amachidziwa.

"Mai Phiri," ndinatero, "awa ndi a Kaputeni."

"Kaputeni wake uti?"

Mai Phiri ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri. Sanali kundinyoza. Sankadziwadi.

Tsono lekani ndikuuzeni inu amene simudziwa.

A Yotamu anali munthu woyamba wa kwathu kuno amene tinamuona ndi maso athu akuyendetsa ndege. Dziko linali litangolandira ufulu, ndipo ambiri a ife tinkaganiza kuti ndege ndi chinthu cha azungu, ngati chipale chofewa. Iwo anali mwana wa mlimi wa fodya. Anayamba ndi kutsuka ndege zing'onozing'ono ndi kuthira mafuta, kenaka kumasula injini, mpaka wina anawaona kuti mutu ulipo n'kuwatumiza kukaphunzira.

Tsiku limene anatera koyamba pabwalo lathu la ndege, sukulu yathu yonse inayenda pansi kukaonerera. Ine ndinali kamtsikana kosavala nsapato. Ndimakumbukira fumbi, ndimakumbukira nthungululu za amai. Chitseko chitatseguka, munatuluka munthu wakuda ngati atate anga, atavala malaya oyera ndi magalasi akuda. Agogo ena amene anaima pafupi ndi ine analira misozi, ndipo sindinamvetse chifukwa chake mpaka nditakula.

Kuyambira pamenepo dzina la Yotamu linatha, anangokhala Kaputeni. Chithunzi chawo chinapachikidwa m'sitolo ya telala wina pa Boma, ndipo anthu ankalowa kudzangochiona osasoketsa kanthu. Ana aamuna obadwa chaka chimenecho ambiri ndi a Yotamu. Mukakumana ndi Yotamu wa imvi m'tauni muno, mufunseni dzinalo analitenga kuti.

Koma sindikufuna kukunamizani kuti anali mngelo. Kutchuka kunawalowa m'mutu. Ankayankha amalume awo m'Chingerezi. Anasiya mkazi wawo wakumudzi ndi mwana wakhanda, n'kukakwatira wina wa m'tauni amene ankadziwa kugwira foloko. Mowa ankamwa, ndipo ankamwera poonekera. Nawonso anthu sanachedwe kuyamba manong'onong'o. Ena ankati sayendetsa okha, amangokhala pambali pa mzungu. Ena ankati munthu wakuda sangakwere kumwamba chonchija popanda kukhwima.

Mwamva? Nkhani ya ufitiyi sinayambe Lachiwiri. Inayamba tsiku lomwelo limene tinkaimba nthungululu.

Ntchito yawo yambiri inali yonyamula odwala kuchokera kuchigwa nyengo ya dzinja, misewu ikaduka. Ananyamula ambiri, ndipo ena a iwo akali moyo lero, ali ndi zidzukulu. Koma tsiku lina anaitanidwa kukatenga mai amene anavutika pobereka kwa masiku awiri. Kumwamba kunali kutada. Ananyamuka ndithu. Pobwerera mvula inawapeza, ndipo potera ndege inagunda mitengo. Maiyo anafera pomwepo ndi mwana wake m'mimba. Kaputeni anatuluka ndi chipsera chija.

Chinachitika n'chiyani kwenikweni? Ena anati anali ataledzera. Ena anati mabwana awo anawakakamiza kunyamuka. Ena anati injini inali yotha kale ndipo iwo anali atadandaulapo. Atate anga, amene tsikulo anali kumunda kwawo kupalira, ankanena motsimikiza ngati analipo: "Anamwa ameneyo." Ife ana tinakhulupirira atate. Akuti akuluakulu anafufuza n'kulemba lipoti, koma sindinakumanepo ndi munthu amene analiwerenga.

Laisensi inalandidwa. Chithunzi chinachotsedwa m'sitolo ya telala. Mkazi wa m'tauni anapita. Kaputeni anabwerera kumudzi n'kuyamba kukonza injini za zigayo, ndipo anakonza zigayo kwa zaka zochuluka kuposa zimene anayendetsa ndege. Atakalamba, amene anawatenga ndi Esinati, mwana wakhanda uja anamusiya.

Esinati timapemphera mpingo umodzi. Lachitatu ndinakwera minibasi kupita kuchipatala kumene anagonekedwa atate ake. Ndinamupeza atakhala pampando pambali pa bedi, maso ali psuu.

"Amai aphunzitsi, mwabwera," anatero. "Mwaiona vidiyo?"

"Ndaiona."

"Aliyense waiona. Mwana wanga ali ku Lusaka anaiona ine ndisanadziwe n'komwe kuti atate ali kuti."

Anandifotokozera. Atate ake anayamba kuiwala zaka zitatu zapitazo. Poyamba anali makiyi ndi maina a anthu, kenaka njira ya kuchimbudzi. Adokotala anati ndi matenda a ubongo amene amagwira okalamba ena, ndipo alibe mankhwala ochiza. Lachiwiri Esinati anapita kudimba m'mawa, atawasiya akumwa tiyi pakhonde. Iwo anadzuka n'kuyamba kuyenda. Anadutsa midzi iwiri kumene amawadziwa, ndipo anthu anangowapatsa moni. Anakafika pamudzi wachitatu, kumene sawadziwa. Uli m'dera la Chiparamba, koma dzina la mudziwo sinditchula.

"Anawapulumutsa ndi mai wina wogulitsa zitumbuwa," anatero Esinati. "Nayenso sankawadziwa. Anangovula chitenje chapamwamba n'kuwafunditsa, n'kuima pamenepo akukuwa kuti amene akufuna kumenya ayambe ndi iye. Anaima mpaka apolisi anafika."

Koma nthiti zinali zitathyoka kale, ndi mkono womwe.

Kaputeni anatsegula maso n'kundiyang'ana. Ndinali nditavala bulauzi yoyera, ndipo ndikhulupirira kuti anandiyesa namwino.

"Sisitala," anatero ndi mawu otsika, "mai uja wafika?"

Ndinayang'ana Esinati. Iye anagwedeza mutu. "Amafunsa tsiku lililonse. Ine dzina langa anaiwala, amanditcha mai a nyumba. Koma mai wa m'ndegeyo sanamuiwale."

Ndinagwira dzanja lawo lomwe linali labwino. "Wafika, a Kaputeni. Ali bwino."

Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. "Musandinamize, Sisitala. Mitengo ija ndinaiona mochedwa."

Anatsekanso maso.

Tili panja, ndinafunsa Esinati funso limene ndakhala nalo kuyambira ubwana. Mwina sindinayenera kufunsa pa khomo la chipatala, koma ndinafunsa. Kodi tsiku lija anali atamwa?

"Sindidziwa, amai," anayankha. "Mowa ankamwa, zimenezo sindingakane. Za tsikulo sananenepo, ngakhale mutu uli bwino. Ndinawafunsa kamodzi ndili wokwiya, chifukwa cha zimene anawachita amai anga. Anangoti, 'Ndinanyamuka ndine.' Basi."

Kaputeni anamwalira Lachinayi masana. Tinawaika Loweruka.

Pamaliro panabwera bwana wina wandale ndi galimoto yaikulu. Anapatsidwa mwayi wolankhula, ndipo anati dera lathu lataya ngwazi, mwana wa m'nthaka amene anatsegula njira ya kumwamba. Anati adzaona kuti msewu wina utchedwe dzina lawo. Pa mawu ake onse, kawiri konse anawatchula kuti Yona. Za mmene anafera sananenepo kanthu. Abusa nawonso anangoti ngozi.

Ngozi? Ngozi ndi ija ya mitengo. Ya Lachiwiri inali ndi manja, ndipo manjawo ali ndi eni ake, amene Lamulungu anakhala m'matchalitchi n'kuimba nyimbo.

Ndakhala ndikuganiza sabata yonseyi za mmene timachitira ndi anthu athu otchuka. Timawanyamula pamapewa mpaka miyendo yawo isagunde pansi, ndiye n'kumadabwa akayamba kutiyang'anira pansi. Akalakwa kamodzi sitifunsa kuti chinachitika n'chiyani. Timasankha nkhani imene ikutikomera n'kuisunga moyo wonse. Atate anga anasankha ya mowa. Enanso anasankha ya kukhwima. Banja la mai anafa uja, lomwe linali ndi ufulu wonse wodziwa zoona, palibe amene anapita kukalifotokozera. Mwina Kaputeni analakwadi. Mwina ananyamuka chifukwa cha matama, mwina chifukwa cha chifundo, mwina zonse ziwiri. Sitidzadziwanso, ndipo sitinayesepo n'komwe kudziwa.

Koma anthu a m'munda muja sanawamenyere ndege ija. Sankaidziwa. Anamenya nkhalamba yosokonezeka imene inalankhula zosamveka pamalo pamene siidziwika. Ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikusiya kukhala ya Kaputeni.

Ndi kangati mwalandira vidiyo yotere pafoni yanu? Agogo atakhala pansi m'bwalo la eni, osavala bwino, akutchula maina a anthu amene anafa kale. Pansi pake palembedwa kuti mafuta anawathera ali m'mwamba. Inu munachita chiyani? Munafunsa kuti kwawo n'kuti, ana awo ndani? Kapena munachita ngati ine, kuseka, n'kupatsira mnzanu foni?

Timati timalemekeza akulu. Timagwada powapatsa madzi, timawatchula ambuya. Ulemu umenewo umakhalapo malinga ngati mutu wawo ukuyenda bwino. Ukangoyamba kusokonekera, munthu yemweyo amasanduka amene anadya ana athu, amene anamanga mvula, amene anatilepheretsa mayeso. Mwana akalankhula zosamveka timati akukula. Nkhalamba ikalankhula zosamveka timati yaulula.

Ndipo tawonani amene anali ndi ndodo m'vidiyo ija. Sanali anthu osaphunzira. Mmodzi anavala yunifolomu ya ntchito. Wojambulayo ankadziwa kugwira foni bwinobwino, chithunzi osagwedezeka. Ena mwa iwo angakhale anadutsa m'kalasi langa. Ndinawaphunzitsa mayiko ndi mitsinje yake, koma sindinawauzepo kuti ubongo umadwala ngati mmene limadwalira bondo. Inenso palibe anandiuza.

Pochoka kumanda Esinati anandigwira mkono. "Amai aphunzitsi, ndikudziwa mulemba. Mulembe kuti atate sanali mfiti. Koma musalembe kuti anali oyera, amai anga angatembenuke m'manda. Mungolemba kuti anali munthu, ndipo ndege ankayendetsadi."

Ndalemba, Esinati.

Nditafika kunyumba Loweruka madzulo ndinapeza amai anga ondibereka ataima pageti, atamanga kamtolo ka zovala m'chitenje. Ndimakhala nawo kuyambira pamene atate anatisiya. Miyezi yapitayi ayamba kunditcha dzina la mkulu wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo ndakhala ndikudziuza kuti ndi kutopa chabe.

"Amai, mukupita kuti?"

"Kwathu," anatero. "Amai akundidikira, sindinatunge madzi."

Amai awo anaikidwa ndili kusekondale. Ndinawalanda kamtolo pang'onopang'ono n'kuwalowetsa m'nyumba. Lolemba ndinakagula loko wa pageti n'kumukhoma.

Koma loko amaiwalika. Tsiku lina ndidzapita kumsika mothamanga, geti lidzatsala lotsegula, ndipo amai adzatuluka kukafuna amai awo amene anafa kalekale. Adzafika pakhomo pa munthu amene sawadziwa n'kunena kuti akufa akuwaitana. Iwo sanayendetsepo ndege, chithunzi chawo sichinapachikidwepo m'sitolo, alibe chipsera choti wina awazindikire nacho.

Likadzakhala khomo lanu, owerenga, mudzatulutsa chiyani: mpando, foni, kapena ndodo?